MAU A MLANGIZI: Pepala la Mwamuna Siliolotsa Mkazi

Sabata ino ndinalinga kuti tikambe za kukonza mizere ndi kusankha mbeu mvula isanagwe, koma ndaona kuti ndiyambe ndi nkhani ina imene yalowa m'minda yathu ngakhale kuti si ya khasu. Nkhaniyi ndi ya amai amene amuna ao ali ku Joni, ndipo awaitana kuti akakhale nao komweko pamodzi ndi ana.

M'masiku a Wenela nkhani yotere kunalibe. Mwamuna ankapita yekha, nagona m'komponi ya amuna okhaokha, ndipo pangano lake likatha ankabwerera kwao. Lero lamulo la South Africa lilola kuti mkazi ndi ana atsate bambo. Ichi ndi chinthu chabwino, pakuti banja siliyenera kukhala pawiri. Koma chilolezocho chiri ndi njira yake, ndipo ambiri a ife sitiidziwa.

Tamverani zimene ndinaona ndi maso anga. M'kalabu ina ya m'dera langa munali mai wina wakhama, amene chaka ndi chaka ankadzaza nkhokwe. Tsiku lina mwamuna wake anamuimbira lamya nati, "Amake mwana, mapepala anga atuluka, nyamukani." Maiyo anagulitsa mbuzi zisanu, chimanga cha m'nkhokwe ndi matumba awiri a feteleza amene anali atagula kale. Munda sanaugwire. Mwezi wa Okutobala anakwera basi yodzera ku Tete ndi Harare, ndipo pa Beitbridge anamdindira masiku 30, monga achitira ndi Mmalawi aliyense wopita kukacheza. Masikuwo anatha iye ali chikhalire, poganiza kuti pepala la mwamuna wake limtchinjiriza. Mu Febuluwale kunagwa maliro kwao ndipo anabwerera. Pa malire anamuuza kuti wapitiriza masiku, ndipo saloledwa kulowanso m'dzikomo kwa zaka zisanu. Anafika pamudzi nthawi ya njala, nkhokwe iri mbee, munda uli thengo, mwamuna ali kutali.

Maiyu sanabe kanthu, ndipo mwamuna wake sananame. Onse awiri sanadziwe kuti pepala la mwamuna ndi la mwamuna yekha. Mkazi afunika lake, ndipo mwana aliyense afunika lake.

Tsono choyamba, inu amai, funsani bambo kuti pepala ali nalolo ndi la mtundu wanji. Mapepala ali osiyana monga zisiyanira mbeu. Pali chilolezo cha nchito, chimene chiri ndi tsiku lothera. Mkazi wa munthu wotere angathe kupempha viza yoperekeza mwamuna wake, koma itha pamodzi ndi ya mwamunayo, ndipo siimlola kugwira nchito. Palinso chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chimene Azungu achitcha permanent residence. Mwini wake alandira setifiketi ndi chitupa cha komweko chokhala ndi nambala yake. Uyu ndiye angathe kuitanitsa mkazi ndi ana kuti naonso adzakhale nzika zokhazikika. Ndipo pali ena, tisabisane, amene alibe pepala lirilonse. Munthu wotere sangaitanitse wina mwa lamulo. Muuzeni bambo ajambule pepala lake ndi kukutumizirani pa WhatsApp, ndipo mukalionetse kwa munthu wodziwa kuwerenga Chingerezi. Kutero si kumkayikira ai. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ngati bambo ali ndi chilolezo chokhazikika, njira yake iri motere. Lamulo la South Africa la za olowa ndi otuluka, la chaka cha 2002, liti mkazi angathe kupempha chilolezo chokhazikika ngati wakhala paukwatiwo zaka zisanu. Zakazo zisanakwane, kapena pamene pempho lake lisanayankhidwe, akhala ndi viza ya wachibale, imene aipereka kwa zaka zosapitirira ziwiri nthawi imodzi, ndipo ikatsala pang'ono kutha apempha ina. Viza imeneyi siilola nchito. Mai wofuna kugwira nchito, kuchita malonda kapena kuphunzira ayenera kupempha viza ya mtundu wina yopatsidwa kwa mkazi wa nzika kapena wa munthu wokhazikika, ndipo alembamo chimene waloledwa kuchita. Ana osafika zaka 21 sadikira zaka zisanu, koma mwana aliyense amlembera pempho lakelake.

Dziwaninso ichi: mai akalandira chilolezo chokhazikika, ndipo ukwati nutha zaka ziwiri zisanapite, chilolezocho chifa, pokhapokha ngati ukwatiwo watha ndi imfa. Boma la kumeneko lifuna ukwati weniweni. Chifukwa chake musabvomere ukwati wa papepala wokha ndi munthu wachilendo, ngakhale wina akuuzeni kuti ndiyo njira yachidule.

Chachiwiri, konzani mapepala anu muli konkuno. Ambiri a ife tinakwatirana pa chinkhoswe, mudzi wonse ukuona, koma kalata ya ukwati tiribe. Lamulo lathu la maukwati la chaka cha 2015 libvomereza ukwati wa chikhalidwe chathu, koma mlembi wa ku Pretoria sadziwa ankhoswe anu. Iye akhulupirira chimene chalembedwa ndi kudindidwa. Bambo akabwera kutchuthi, tenganani pamodzi ndi ankhoswe mupite ku ofesi ya DC mukafunse kalembetsedwe ka ukwati wanu. Ana naonso akhale ndi setifiketi ya kubadwa yochokera ku National Registration Bureau, yoonetsa maina a bambo ndi mai. Ngati pali mwana wa bambo wina, pafunika kalata yakuti bambo wakeyo walola, kapena pepala la bwalo la milandu loonetsa kuti mwanayo mumlera ndinu. Pasipoti ndi ya munthu aliyense payekha, ngakhale khanda.

Penyetsetsani maina. Ife tizolowera kukhala ndi dzina la kubadwa, dzina la kusukulu, dzina la ubatizo ndi mfunda, ndipo pepala lirilonse tilembapo lina. Pamudzi palibe bvuto, pakuti onse atidziwa. Koma ngati chitupa chanu chiti dzina ili, kalata ya ukwati iti lina, ndipo tsiku lobadwa lisiyana, mlembi aona ngati ndi anthu awiri. Yalani mapepala onse pamphasa, muwerenge chilembo ndi chilembo, ndipo cholakwa mukachikonzetse musanapereke pempho.

Pali mapepala awiri amene simuyenera kuthamangira: kalata ya kupolisi yoonetsa kuti mulibe mlandu, imene atenga munthu wa zaka 18 kapena kuposa atadinda zala, ndi kalata ya dokotala. Awa ali ngati mbeu ya soya, imene siichedwa kufa mphamvu. Akapitirira miyezi isanu ndi umodzi sawalandira. Muwatenge potsiriza, zina zonse zitakonzeka. Bambo nayenso atumize makope odindidwa a chitupa ndi setifiketi yake, kalata yolonjeza kuti adzakusungani, ndi mapepala oonetsa malipiro ake.

Chachitatu, pempho lipite pakhomo loyenera. Kuno kwathu yambani mwafunsa ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo iwo adzakuuzani mtengo wake ndi mapepala amene afuna pa nthawiyo. M'dzikomo, kuyambira chaka cha 2014, mapempho alandiridwa ku maofesi a VFS Global, koma woyankha ndi dipatimenti ya Home Affairs. Chaka cha 2019 bwalo lalikulu la kumeneko, Constitutional Court, linagamula kuti mkazi kapena mwana wa nzika kapena wa munthu wokhazikika, amene walowa ngati mlendo, angathe kupempha viza ali komweko osabwerera kwao. Komabe masiku 30 ndi ochepa, ndipo kalata ya ukwati kapena ya kubadwa ikasowa muli ku Johannesburg, mudzaitenga bwanji? Ine nditi pemphani muli kuno.

Chenjerani ndi anthu oima panja pa maofesi ndi pa malo okwerera mabasi, onena kuti ali ndi mnzao m'kati. Chidindo chogula m'njira chingathe kukufikitsani ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kumene asunga anthu oyembekeza kubwezedwa kwao. Ndalama iriyonse mupereka, landirani risiti.

Mukafika uko, tsiku lothera viza muliloweze pamtima monga mudziwira tsiku la msika. Pempho loonjezera liperekedwa kutatsala masiku 60 kapena kuposa. Wopitiriza masiku osaposa 30 amletsa kulowa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza kuposa pamenepo amletsa zaka zisanu, monga anaonera mai uja. Kupereka pempho la chilolezo chokhazikika sikuimitsa tsiku limeneli. Yankho lake lingathe kutenga chaka kapena kuposa, ndipo nthawi yonseyo viza yanu ikhale yamoyo.

Tsopano ndibwere ku nchito yanga. Mapepala awa satuluka sabata imodzi, koma mvula siidikira munthu. Mai amene mukuyembekeza ulendo, limani munda wanu monga ngati simupita kulikonse. Bzalani ndi mvula yoyamba, palirani, thirani feteleza. Musagulitse mbuzi, nkhokwe kapena malata a nyumba kufikira mutaona viza itamatidwa m'pasipoti yanu ndi ya mwana aliyense. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Viza ikatuluka chimanga chiri m'munda, simunataye kanthu: mudzasiyira mbale wanu, ndipo mukatero muchite pamaso pa a nyakwawa ndi mboni, kuti aliyense adziwe kuti mundawo mwabwereketsa, simunapereke. Ikachedwa kapena ikakanidwa, ana anu adzadya.

Inunso abambo muli ku Joni, ndidziwa kuti nyuzi ino ena amakutumizirani. Musaitane banja ndi pakamwa pokha. Tumizani mapepala poyamba, ndalama ya feteleza kachiwiri, ndipo ya basi ikhale yotsiriza.

Mai uja chaka chino wayambanso. Anzake a m'kalabu anambwereka mbeu, ndipo mizere yake yatha kale. Kalata ya ukwati anakatenga, ndipo aisunga m'pulasitiki pamodzi ndi za ana, kudikira kuti zaka zake zikwane.

Sabata ya mawa, Mulungu akalola, tidzakamba za kutalikirana kwa mapando a chimanga ndi mtedza. Tsalani bwino.

Ine wanu,
Mlangizi