Ndalama za sukulu zikwereko kuphiri

Alimi anzathu a ku Massangulo ndi Ngauma yense, a ku Mandimba ndi a ku Cuamba, tiyeni tikambirane za ana athu ndi mapiri athu.

Madzi amene timamwa amachokera kuphiri. Madzi a m'madimba mwathu amachokeranso komweko. Mitengo imagwira nthaka. Mvula ikagwa, madzi amalowa pansi pang'onopang'ono, ndipo kasupe saphwa m'chilimwe. Koma taonani matumba a makala m'mbali mwa msewu wa N13. Taonani milimo ndi mapaso a zigafa za fodya. Zonsezi zikuchokera kuphiri. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atafika kwa anansi athu ku Malawi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, mu mzinda wa Blantyre. Mvula inali yoopsa ndithu. Koma phiri lopanda mitengo silichedwa kugumuka.

Maganizo athu ndi awa: gawo la ndalama zobwera kusukulu lizithandiza ana kuphunzira panja, kuphiri ndi kumtsinje. Ndipo ife makolo tizidziwa mmene ndalamazo zayendera.

Kodi ndalamazo zili kuti? Mu 2003 boma linayamba kutumiza ndalama molunjika kusukulu za pulayimale. Dzina lake ndi Apoio Directo às Escolas, mwachidule ADE. Ndi zochepa, ndipo zambiri zimathera pa choko, makope ndi kukonza zowonongeka. Mu 2005 boma linakhazikitsanso dongosolo loti magawo 20 pa 100 aliwonse a msonkho wa odula mitengo azibwerera kwa anthu a m'dera la nkhalangoyo. Palinso mabungwe akufuna kwabwino amene nthawi zina amathandiza sukulu. Tikangokhala chete, palibe kandalama kamene kadzafike kunazale.

Nthawi yophunzirira zimenezi iliponso. Mu 2004 maphunziro a pulayimale anasinthidwa, ndipo magawo 20 pa 100 a nthawi ya m'kalasi anaperekedwa ku zinthu za kumudzi kwa anawo. Eti phiri lathu si chinthu cha kwathu?

Wina anena kuti, "Ine mwana ndinamutumiza kukaphunzira kuwerenga, osati kukagwira khasu." Akunena zoona. Mwana si waganyu wa aphunzitsi. Akamangolima munda wa munthu, limenelo si phunziro ayi. Koma mwana akawerenga mbande 100 mu nazale, kenako n'kupeza kuti zagwira ndi 70, waphunzira masamu. Akalemba m'kope mayina a mlombwa, mbawa, msuku ndi mkuyu, waphunzira kulemba. Akatunga madzi a mumtsinje m'botolo mvula itangogwa, n'kuona matope akukhala pansi, wadziwa kumene chonde cha munda wa bambo ake chikupita. Kuphunzira ndi manja si chachilendo kuno. Pa mishoni ya Massangulo, imene inayamba mu 1928, anyamata ankaphunzira ntchito zamanja monga ukalipentala.

Tikumbukirenso zimene zinachitika kale. M'nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, amene analamulira kuyambira 2005 mpaka 2015, ana asukulu anauzidwa kuti aliyense azibzala mtengo, ndipo mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake. Anali maganizo abwino. Koma kubzala ndi ntchito ya tsiku limodzi, kulera mtengo ndi ntchito ya zaka. Mbande timaziwokera mvula ikakhazikika, mu Disembala ndi Januwale. Nthawi imeneyo ana ali patchuthi. Kenako kumabwera mbuzi ndi chiswe. Mu Seputembala ndi Okutobala kumabwera moto wa osaka mbewa. Mtengo wopanda mwini supulumuka.

Tsono ndalama zikapezeka, zisathere pa chikondwerero cha tsiku lobzala, pa malaya olembedwa ndi zakumwa. Zigule zinthu zokhalitsa: makeni othirira, wilibala, makasu, machubu a mbande, chingwe choyezera, makope ndi mapensulo. Mbewu za mitengo yathu sizifuna ndalama, ana akhoza kutola okha kuthengo. Nazale ikhale pafupi ndi madzi osaphwa.

Zotsalazo ndi ntchito ya ife a koperativa. Mutu umodzi susenza denga. Ana akatsekera, tigawane masiku owokera ndi kupalira. Udzu usanaumitse, tilambule njira yotchinga moto kuzungulira mitengo. Agogo odziwa mitengo ya mankhwala ndi ya zipatso apite nawo ana kuphiri. Wodziwa kuyeza mizere yopingasa pamalo otsetsereka awaonetse anawo pamunda wa sukulu.

Chachikulu ndi ichi. Sukulu iliyonse ili ndi komiti yake, Conselho de Escola, ndipo makolo ali ndi mipando mmenemo. Tisankhe anthu osaopa kufunsa. Zabwera zingati? Zagula chiyani? Malisiti ali kuti? Zilembedwe papepala, likhomedwe pakhoma kuti aliyense aone. Kufunsa si chipongwe. Kale tinkangosindikiza chala pa zimene sitinaziwerenge. Lero tikudziwa kuwerenga, tiwerenge.

Chaka chikatha, tisafunse kuti mwabzala mitengo ingati. Tifunse kuti yamoyo ndi ingati, ndipo ana apite akawerenge okha.

Tikambirane

1. Kodi ndi akasupe ati a kwathu kuno amene anaphwa? Anaphwa chifukwa chiyani?
2. Ndani wa m'gulu lathu ali mu komiti ya sukulu?
3. Tigawana bwanji masiku osamalira mbande ana akakhala patchuthi?