Mankhwala osakanizira m'chipatala afunika kuunikidwa mokwanira

M'zipatala zambiri padziko lonse, akatswiri a zamankhwala amasakaniza okha mankhwala ena a odwala amene amangolandira chithandizo n'kubwerera kwawo. Izi zimachitika makamaka pamene mlingo umene dokotala walemba supezeka kwa opanga mankhwala, monga mwana akafunika mankhwala amadzi pomwe alipo ndi mapiritsi a akuluakulu okha.

Ntchitoyi ndi yofunika, koma mankhwala otere sadutsa mu kauniuni yemwe mankhwala a m'fakitale amadutsamo asanaloledwe pamsika. Wodwala akakamwera kunyumba, palibenso namwino woti aone msanga ngati zinthu zalakwika.

Zomwe zinachitika ku Panama m'chaka cha 2006 zikuonetsa kukula kwa chiopsezochi. Labotale ya bungwe la boma la Caja de Seguro Social inapanga mankhwala a chifuwa pogwiritsa ntchito madzi omwe pa migolo yake panalembedwa kuti ndi glycerine. Zinadzadziwika kuti munali diethylene glycol, poizoni woononga impso. Katunduyo anachokera ku China kudzera ku Spain, ndipo amene anamulandira anakhulupirira zikalata zobwera naye. Anthu oposa 100 anamwalira.

Ku America nako, m'chaka cha 2012, jakisoni wa ululu wa msana yemwe kampani ya New England Compounding Center inasakaniza anapezeka ndi chuku. Anthu oposa 750 m'zigawo 20 anadwala, ambiri a iwo matenda oumitsa khosi, ndipo osachepera 64 anamwalira. Kutsatira izi, mu 2013 dzikolo linakhazikitsa lamulo la Drug Quality and Security Act, lomwe linawonjezera mphamvu za bungwe la FDA zoyendera malo osakanizira mankhwala ochuluka.

Ngozi ziwirizi zikusonyeza kuti kauniuni ayenera kuyambira pa zipangizo zosakanizira, zomwe ziyenera kuyezedwa mu labotale zisanagwiritsidwe ntchito. Ukhondo wa chipinda, kulondola kwa sikelo, tsiku lomwe mankhwala adzathere mphamvu ndi kaundula wosonyeza yemwe anasakaniza komanso yemwe analandira, zonse ziyenera kutsimikizidwa. Popanda kaundula, nkovuta kulondola odwala mankhwala akapezeka ndi vuto.

M'Malawi, udindo woonetsetsa kuti mankhwala ndi abwino uli m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Komabe, akuluakulu a zipatala ndi ogula katundu wa boma ali ndi gawo lawo, chifukwa ndalama zoyezera zipangizo zikachotsedwa mu bajeti, wodwala ndiye amakhala woyamba kuyesa mankhwalawo.