Hozipaipi isagone m'madzi

Amayi anzanga, ambiri a inu mudakhalapo m'chipatala kudikirira wodwala. Mudaonapo zomwe zimachitika botolo la diripi likatha, kapena wodwala akalinyamula m'manja popita kuchimbudzi n'kulitsitsa pansi: magazi amayamba kukwera m'kachubu. Mumathamanga kudzatiitana mtima uli m'mwamba. Ophunzira athu a unamwino timawauza kuti kachubu kaja sikadziwa kutsogolo kapena kumbuyo. Chamadzi chilichonse chimalowera kumene mphamvu yachepa.

Paipi ya madzi a kumpopi ndi chimodzimodzi, ndipo nkhani imeneyi tisaisiyire mapulambala okha.

Madzi akamatuluka bwino, m'paipi mumakhala mphamvu yowakankhira kunja, kotero zonyansa sizilowa. Koma madzi akasiya, kaya magetsi azima ku mapampu, kaya paipi yaikulu yaphulika kumunsi, madzi otsalira amatsetserekera kumadera otsika ndipo paipi imayamba kuyamwa. Mudamvapo mpopi wouma ukulira ngati munthu akutsopa phala? Pamenepo ukukoka mpweya. Ngati pakamwa pa mpopiwo pali hozipaipi yomwe mutu wake wamira m'madzi, sukoka mpweya ayi, ukoka madziwo.

Tsono taganizirani kumene mahozipaipi athu amagona. Kulesitilanti imagona mu mgolo wotsukiramo mbale. Kusaluni mutu wa shawa umagona m'sinki momwe mwadzaza thovu ndi mankhwala a tsitsi. Kotsukira magalimoto imagona m'chithaphwi. Kudimba la parishi imalowetsedwa mu sipuleya ya mankhwala a mbewu. Kuchipatala itha kugona m'ndowa momwe tanyika nsalu za kuchikuta. Timatsegula mpopi, tikaona kuti ndi wouma timausiya chotsegula kuti madzi akabwera usiku adzaze okha. Akabweradi, zomwe paipi idameza zimayenda nawo limodzi, n'kukatulukira pampopi wa kunyumba yoyandikana, wa kusukulu ya mkaka, wa kukiyosiki komwe mayi akutunga madzi oti amwetse mwana.

Izi zidachitikapo. Mu 1933 mumzinda wa Chicago ku America, pa nthawi ya chionetsero chachikulu cha dziko lonse, madzi a suweji adasakanikirana ndi akumwa m'mahotela awiri chifukwa cha mapaipi olumikizidwa molakwika. Anthu oposa 1,000 adadwala kamwazi ndipo 98 adamwalira. Kwathu kuno, mu Julayi 2017, mabanja a ku Area 18 ku Lilongwe adatunga madzi osakanikirana ndi suweji pamipopi ya m'nyumba zawo, zonyansazo zitalowera m'paipi yowonongeka. Ndipo palibe wa ife amene waiwala kolera yemwe adayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, nadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Kolera ali ndi makomo ambiri olowera. Khomo ili ndi limodzi mwa amene titha kutseka ndi manja athu.

Wina anena kuti madzi a kumpopi adathiridwa kale kolorini. Ndi zoona, koma kolorini wotsalira m'paipi ndi wochepa kwambiri, wongokwanira kuteteza madzi oyera paulendo wawo. Sangalimbane ndi ndowa yathunthu ya madzi a matewera. Wina anena kuti adzawiritsa. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma sikuchotsa mankhwala opopera tomato kapena owongolera tsitsi. Amenewo akalowa, alowa.

Chitetezo choposa zonse sichigulidwa kusitolo. Ndi mpata chabe. Pakati pa pomwe madzi akutulukira ndi mlomo wa chotungira pakhale malo a mpweya. Amisiri amati mpatawo ukhale kawiri kukula kwa kamwa la paipi, ndipo usachepere masentimita awiri ndi theka. Ine ndimangoti pazilowa dzanja. Hozipaipi imangiriridwe pamtengo kapena pamsomali, madzi azigwera mu mgolo mukuwaona ndi maso. Mukatha kutunga, izuleni pampopi, muikolowe m'mwamba. Madzi sangadumphe mpweya kubwerera m'paipi, ndipo mpweya suchita dzimbiri.

Pamalo akuluakulu pamafunikanso kachipangizo kotchedwa non-return valve, komwe pulambala amaika pafupi ndi mita kapena pomwe paipi ikulowa m'nyumba. Kamagwira ntchito ngati timavalavu ta mumtima mwanu: kamatseguka madzi akamapita kutsogolo, n'kudzitseka akafuna kubwerera. Koma musakadalire ngati kopanda chilema. Kamchenga kamodzi kakatsakamira mkati, sikatsekanso bwino, ndipo kunja sikaonetsa chizindikiro chilichonse. N'chifukwa chake kayenera kuyesedwa kamodzi pachaka ndi munthu wodziwa.

Pali vuto lina lomwe labwera ndi chitukuko chathu chomwe. Maparishi, masukulu ogonera ndi zipatala zambiri tsopano ali ndi mjigo wa pampu ya dzuwa ndi thanki pamwamba, komanso ali ndi madzi a Water Board. Pofuna kupulumutsa ndalama, mapaipi awiriwo amalumikizidwa pamodzi, n'kusiyanitsidwa ndi kogomeko kamodzi kopotokola ndi dzanja. Tsiku lomwe mlonda waiwala kutseka, pampu kapena thanki imakankhira madzi a m'mjigo, omwe sadathiridwe mankhwala, m'paipi ya mudzi wonse. Njira yabwino ndi yakuti madzi a mbali iliyonse azigwera m'thanki kuchokera pamwamba, aliyense ndi paipi yake, osakhudzana.

Ndikudziwa kuti pamsonkhano wa komiti ya chitukuko, nkhani ya mapaipi ikayamba, amayi timakhala chete, ati n'zachibambo. Koma kodi ndani amaphika pa tsiku la nkhoswe ya parishi? Ndani ali ndi masaluni ndi timalesitilanti ta pamsika? Mwana akatsegula m'mimba pakati pa usiku, ndani amamubereka kumsana kuthamangira naye kwa ife? Amene amanyamula mtolo wa matenda ali ndi ufulu wofunsa za paipi. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adatikumbutsa kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense. Ufulu umenewo ulinso ndi udindo wake: madzi a mnzanga ndisawaipitse kudzera pampopi wanga.

Choncho ndikupemphani zinthu zotheka. Pamsonkhano wanu wa mwezi uno sankhani amayi awiri kapena atatu, ayendere mpopi uliwonse wa paparishi: kukhitchini, kuholo, kusukulu, kudimba, kunyumba ya bambo mfumu ndi ya masisiteri. Aone ngati pali hozipaipi yomira, ngati paipi yodzaza thanki ili pamwamba pa paipi yotayira madzi osefukira, ndiponso ngati paipi ya madzi akumwa ikudontha pomwe yadutsa m'ngalande kapena pafupi ndi dzenje la chimbudzi. Afunse komiti ngati valavu ija ilipo, ndi tsiku lomwe idayesedwa komaliza. Ngati mulibe, ndalama yake ilowe m'bajeti limodzi ndi ya utoto wa tchalitchi. Zomwezo mukazifotokoze kumphakati.

Kunyumba, madzi akabwerera atasiya, musamwe oyambirira. Asiyeni atuluke mpaka ayere, muthirire maluwa kapena kukolopera. Akumwa muwiritse kapena muthire kolorini monga amatilangizira alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30. Akatuluka onunkha kapena a mtundu wachilendo, chenjezani anansi ndipo dziwitsani a Water Board tsiku lomwelo.

Madzulo ano musanagone, zungulirani kuseri kwa nyumba kapena kwa shopu yanu. Mukapeza hozipaipi yagona mu mgolo, itulutseni.