Nthano ndi Malamulo m'Maseŵera Oyerekeza a Patebulo

Aliyense wa ife amene anakulira pamudzi akukumbukira madzulo aja pamene agogo ankati "Padangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse." Akukumbukiranso amuna aŵiri ataŵerama pabawo mumthunzi wa mtengo, njere zikulira m'maenje. Panthano wokamba ndiye mwini zonse, ndipo kalulu amapulumuka chifukwa agogo afuna kuti apulumuke. Pabawo palibe wokamba. Malamulo ndiwo amaŵeruza, ndipo ngakhale mfumu imadyedwa ikaseŵera mosasamala. Koma pali mtundu wina wa maseŵera umene umaphatikiza ziŵirizi, ndipo tikufuna kuti inu amene mukukonzekera uphunzitsi muuganizire bwino musanauyese m'kalasi.

Maseŵera ameneŵa amachitika motere. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi ndi wotsogolera, amene amafotokoza malo ndi zimene zikuchitika. Ena onse amatenga aliyense mpangankhani wake, namanena zimene mpangankhaniyo akufuna kuchita. Pamene sizikudziŵika ngati chinthucho chitheka, woseŵera amaponya dayisi, ndipo nambala imene yatuluka imaŵerengedwa potsata malamulo olembedwa. Otchuka koposa mwa maseŵeraŵa ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America m'chaka cha 1974 m'timabuku titatu. Aphunzitsi m'maiko ena anaŵatengera kusukulu. Ku Hobro m'dziko la Denmark kuli sukulu ya achinyamata yotchedwa Østerskov Efterskole, yotsegulidwa mu 2006, imene imaphunzitsa maphunziro ake kudzera m'maseŵera oyerekeza.

Funso limene limavutitsa wotsogolera aliyense ndi lakuti kufotokoza kulekere pati, ndipo malamulo ayambire pati. Funsoli si latsopano. M'chaka cha 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake maseŵera ophunzitsira nkhondo pamapu otchedwa Kriegsspiel. Anali ndi woŵeruza, madayisi ndi mindandanda ya manambala yoŵerengera zotsatira za nkhondo. M'kupita kwa zaka asilikali anadandaula kuti malamulowo ngochuluka ndipo akuchedwetsa maseŵera. Mu 1876 mkulu wina wa asilikali, Julius von Verdy du Vernois, analemba buku lolimbikitsa kuti woŵeruza wodziŵa bwino za nkhondo azigamula yekha popanda mindandanda ija. Maseŵera anafulumira ndithu, koma tsopano zonse zinadalira nzeru ndi chilungamo cha munthu mmodzi. Njira ziŵirizi zikadali ndi ozitsata mpaka lero, ndipo mphunzitsi aliyense amapendekera ku imodzi mwa izo ngakhale asanamvepo maina aŵa.

Maganizo athu ndi aŵa. Kufotokoza kuzitsogola, lamulo lizibwera pokhapo pamene zotsatira zili zokayikitsa ndi zofunika, ndipo lamulo likagamula, mphunzitsi alemekeze chigamulocho nachibwezere m'nkhani.

Tiyerekeze kuti tikuphunzitsa za mitsinje m'nyengo ya mvula mu Sitandade 6. Ana ali m'magulu, ndipo gulu lililonse ndi amalonda onyamula matumba a mchere. Mphunzitsi woyamba, wokonda malamulo, akuti, "Mwafika pamtsinje. Ponyani dayisi. Mukapeza 4 kapena kuposa mwaoloka." Mwana waponya, wapeza 5, gulu laoloka. Kodi anaŵa aphunzira chiyani? Sanaone mtsinje, sanaganize, sanayankhule. Angophunzira kuti 5 amaposa 4, chimene anachidziŵa ali mu Sitandade 1.

Mphunzitsi wachiŵiri ndi mmisiri wa pakamwa. Akufotokoza mtsinje, mitambo, mbalame ndi mantha a amalonda kwa mphindi khumi, kenaka yekha akunena amene waoloka ndi amene wakokoloka. Ana amvetsera mwachidwi, koma akhala omvera nthano chabe. Choopsa chachikulu n'chakuti mphunzitsiyu, mosadziŵa, amaolotsa mwana wolankhula bwino amene amamkonda, namamiza wamanyazi amene wachita chibwibwi. Ana saphonya zimenezi. Mwana amene waona kuti zotsatira zimachokera m'mtima mwa aphunzitsi amaleka kuganizira za mtsinje nayamba kuŵerenga nkhope ya aphunzitsi. Apa ndipo pamene timaonera ntchito yeniyeni ya lamulo. Dayisi sadziŵa mwana wa mphunzitsi wamkulu, ndiponso sanyoza mwana wosavala nsapato.

Mphunzitsi wachitatu akuti, "Ana inu, mwafika pamtsinje dzuŵa litapendeka. Madzi ndi ofiira ndipo akubwera ndi zinyalala. Kumtunda kuli mkuyu wogwa umene wafika pakati pa madzi. Mutani?" Ziganizo zake n'zochepa, koma chilichonse chili ndi kanthu koti mwana agwire. Madzi ofiira akusonyeza kuti kumapiri kwagwa mvula. Dzuŵa lopendeka likusonyeza kuti nthaŵi yatha. Mtengo wogwa ndi mwaŵi, komanso ndi msampha. Muyeso wa kufotokoza kwabwino ndi umenewu. Ngati mwana sangachitepo kanthu pa chiganizo chimene tanena, chiganizocho tachinenera kudzikondweretsa tokha.

Tsono gulu lina likati, "Ife tigona kutsidya lino mpaka madzi ataphwa," mphunzitsi asaponyetse dayisi. Palibe chokayikitsa, ndipo anawo aganiza ngati anthu odziŵa mitsinje. Avomereze, nawauze kuti afika kumsika mochedwa ndi tsiku limodzi. Gulu lina likati, "Ife tioloka pamtengo uja titamangirirana chingwe," pamenepo ndi pamalo pa dayisi, pakuti chinthucho chikhoza kutheka kapena kulephereka, ndipo zonse ziŵiri zisintha ulendo.

Pamalo otere tikulangiza lamulo limodzi lapafupi, lochokera m'maseŵera a Apocalypse World amene D. Vincent Baker anatulutsa mu 2010. Woseŵera amaponya madayisi aŵiri a mbali zisanu ndi imodzi naphatikiza manambala. Akapeza 10 kapena kuposa wapambana. Akapeza 7, 8 kapena 9 wapambana koma walipirapo kanthu. Akapeza 6 kapena kucheperapo zinthu zamuipira. Madayisi aŵiri akhoza kugwa m'njira 36. Mwa izo, njira 6 zimapereka kupambana kwathunthu, 15 kupambana kolipira, ndipo 15 kulephera. Gulu limene laganiza za chingwe lipatsidwe 1 woonjezera pa nambala yake. Tikatero njira zolephera zimatsika kuchoka pa 15 kufika pa 10, ndipo za kupambana kwathunthu zimakwera kuchoka pa 6 kufika pa 10. Motero nzeru imene mwana anaitulutsa m'mawu yaloŵa m'nambala, ndipo iye waona ndi maso ake kuti kuganiza kuli ndi phindu. Mphunzitsi wa masamu adzaonanso kuti phunziro lina labadwira pomwepa.

Nambala ikatuluka isasiyidwe yokha. Mwana akapeza 8, mphunzitsi asangoti "Mwaoloka." Anene kuti, "Mwafika kutsidya, koma thumba limodzi laviikika ndipo mchere ukusungunuka. Mutani?" Akapeza 4, nkhani isaime ndiponso gulu lisachotsedwe m'maseŵera, chifukwa ana ochotsedwa ndiwo amayamba phokoso kumbuyo kwa kalasi. Mtengo ugubuduke, amalonda abwerere kumtunda atanyowa, mdima ukugwa, ndipo funso likhale lomwe lija.

Chiyeso chachikulu kwa mphunzitsi wachifundo ndicho kusintha zotsatira. Mwana wofooka wapeza 3, nkhope yake yagwa, ndipo mtima ukutiuza kuti tinene kuti waoloka. Tisatero. Ana akazindikira kamodzi kokha kuti aphunzitsi amapotoza dayisi, lamulo lafa, ndipo kupambana kwa mwana yemweyo tsiku lina sikudzakhulupiriridwa ndi anzake. Chifundo chathu chionekere m'mene tikufotokozera kulepherako ndi m'njira yatsopano imene tikumtsegulira. Ngati sitinali okonzeka kulandira kulephera, kulakwa kunali kwathu poponyetsa dayisi.

Tikudziŵa kuti ena mwa inu akutsutsa kale. Ena akuti maseŵeraŵa anapangidwira anthu asanu, pamene makalasi athu ambiri ali ndi ana ochuluka kuposa amene mphunzitsi mmodzi angaŵamvere aliyense payekha. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake tikuti gulu lonse likhale ndi mpangankhani mmodzi, ana azikambirana chochita, ndipo wolankhulira gulu ndi woponya dayisi azisinthana. Kalasi lalikulu limafuna malamulo ochepa kwambiri. Ngati malamulo athu sakwana pangodya imodzi ya bolodi, achuluka. Ena akuti makolo akaona dayisi adzati tikuphunzitsa ana njuga. Nkhaŵa imeneyi tisainyoze. Tidziŵitse mphunzitsi wamkulu tisanayambe, pasakhale ndalama kapena mphotho, ndipo pamene dayisi akukhumudwitsa anthu tigwiritse ntchito timapepala ta manambala 1 mpaka 6 m'zitini ziŵiri, zimene zimapereka njira 36 zomwe zija. Enanso akuti nthaŵi ndi yochepa ndipo mayeso akudikira. Kwa iwo tikuvomera kuti njirayi siyenera phunziro lililonse. Imayenera pamene tikufuna kuti mwana asankhe chochita napereke chifukwa chake, ndipo mphindi zomaliza zisungidwe kuti ana anene ndi kulemba zimene aphunzira za madzi ofiira aja.

Pali chifukwa china chimene tikulembera zimenezi kwa inu ophunzira uphunzitsi. Mphunzitsi watsopano amaopa chete wa m'kalasi. Wina amathaŵira m'kuyankhula kosalekeza, wina amabisala kuseri kwa malamulo, ndipo onse aŵiri amamlanda mwana mpata woganiza. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhani ya m'maseŵeraŵa imasenzedwa ndi atatu, amene ndi mphunzitsi wofotokoza, mwana wosankha ndi lamulo logamula.

Choncho mukapita kukayesa kuphunzitsa, lembani m'chikonzero chanu ziganizo zosapitirira zinayi zofotokoza malo, lamulo limodzi, ndi zimene zidzachitike pa zotsatira zonse zitatu. Mukafunsa kuti "Mutani?" tsekani pakamwa, ŵerengani chamumtima mpaka 10, ndipo dayisi akhale m'thumba kufikira mwana atayankha.