Ophunzila a pa yunivesiti atumikile midzi asanalandile digili

CAKA ciliconse alimi amagulitsa cimanga, nshawa ngakhale ng'ombe kuti mwana afike ku yunivesiti. Koma akatsiliza maphunzilo, nthawi zambili mudzi umamuonanso pa malilo cabe. Nzelu zimene makolo anagula ndi thukuta zimathela m'maofesi a ku Lusaka ndi ku Copperbelt.

Ife tiona kuti yakwana nthawi yakuti wophunzila aliyense wa pa yunivesiti ya boma azitumikilako anthu asanalandile digili. Akhale chuti cimodzi cacitali m'mudzi kapena m'komboni, ndipo nchito yakeyo ipatsidwe mamalikisi monga phunzilo lina lililonse.

Ganizo limeneli si lacilendo. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo anthu wamba anasonkhako kangacepe kawo kuti imangidwe. Mau a pa cizindikilo cake amachula kutumikila coyamba, ukatswili pambuyo. Ngongole imeneyo ikalipo.

Nchito ndiye yosasowa. Kuyambila kumapeto kwa 2016 mbozi zakhala zikudya cimanga m'minda yathu, ndipo cilala ca 2024 cinasiya nkhokwe zambili zili mbee. Wophunzila zaulimi angayende ndi mlimi m'munda, kumuonetsa mazila a mbozi pa masamba zisanalowe mu mtima wa cimanga. Wophunzila za ziweto angafotokoze mmene nkhupakupa zimafalitsila cigodola, ndi cifukwa cake dipi siyenela kudumphidwa. Wophunzila za ndalama angakonze mabuku a kopaletivu amene akhala akuyambanitsa mamembala.

Nanga azimai amasiye amene amalandidwa katundu malilo asanathe? Lamulo la 1989 limati munthu akafa osalemba wilo, ana alandile magawo 50 pa 100 a cuma cimene lamulolo limakhudza, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene anali kudalila malemuyo 10. Ndi angati kumudzi amene adziwa zimenezi? Wophunzila zamalamulo angazifotokoze m'Cinyanja pansi pa mtengo tsiku limodzi.

Wophunzilayo nayenso adzapindula. Akuti mlendo ndiye amabwela ndi kalumo kakuthwa, koma mwini mudzi ndiye adziwa dimba limene siliuma. Mwana amene anaona mai wapakati atanyamulidwa pa ngolo usiku sadzaiwala zimenezo akadzakhala mkulu mu unduna.

Komabe ticenjeze. Acikulile akumbukila National Service ya m'ma 1970, pamene otsiliza Fomu 5 anali kukakamizidwa kupita ku makampu. Dongosolo lokakamizalo linalekeka matenda atabuka kumeneko. Tisatumizenso ana a eni ku malo kumene kulibe madzi abwino ndi pogona poyenela.

Cina, ophunzila ambili ali pa ngongole ya boma ndipo alibe ndalama ya basi. Boma ndi mayunivesiti alipile ulendo ndi cakudya, kuti katundu asagwele mlimi amene alibe ndi ufa womwe. Wophunzila asagwile yekha. Mphunzitsi wake ndi mlangizi wa zaulimi kapena namwino wa pa kiliniki azimuyang'anila, pakuti malangizo olakwika angaphe munda wonse. Ndiponso boma lisapezelepo mwai woleka kulemba nchito alangizi ponena kuti kuli ana a sukulu aulele.

Cacikulu n'cakuti eni mudzi ndiwo asankhe nchito. Sitifuna alendo obwela kudzajambula zithunzi n'kubwelela madzulo omwewo.

Conco tipempha makomiti a m'maparishi, makopaletivu ndi anyakwawa kuti asadikile. Khalani pansi, lembani zinthu zitatu zimene zikusautsani kwambili, chulani nyumba imene ingasunge ophunzila awili, ndipo pelekani kalatayo kwa phungu wanu wa ku Nyumba ya Malamulo kuti akaitule ku unduna wa zamaphunzilo ndi ku mayunivesiti. Ana amenewa tinawaphunzitsa ndife, ndipo si kulakwa kuwaitana.