Fayilo Ikakiyidwa, Dikirani Mnzanu

M'maofesi ambiri kaundula wa ndalama sakhalanso m'buku. Amakhala mu fayilo ya Excel pa kompyuta imodzi, ndipo anthu angapo amaitsegula kudzera pa netiweki. Tiyerekeze ofesi ya sukulu.

Mlembi akatsegula fayiloyo m'mawa, kompyuta imaikiya kuti iye yekha ndiye azisinthamo zinthu. Excel imapanganso kafayilo kobisika koyamba ndi zizindikiro ~$, ndipo m'menemo mumakhala dzina la wotsegulayo. Msungichuma akabwera pambuyo, amalandira uthenga wakuti "locked for editing" ndipo amaloledwa kuwerenga kokha. Akalembamo fizi imene makolo alipira, posunga Excel imakana, n'kumuuza kuti asunge ndi dzina lina.

Ambiri amagwa mphwayi apa. Amasungadi ndi dzina latsopano, ndipo ofesi imakhala ndi makaundula awiri osagwirizana. Pakutha pa mwezi, mayi amene analipira amaoneka ngati ali ndi ngongole, mwana wake n'kubwezedwa kunyumba, msungichuma wosalakwa n'kumalozedwa chala. Chonsecho loko ija imatiteteza. Ikanapanda kukhalapo, wosunga pomaliza akanafafaniza zonse zimene mnzake analemba.

Tsono tichite motere. Mukapeza fayilo yokiyidwa, dinani "Notify", ndipo Excel idzakuuzani mnzanu akatseka. Inunso mukamaliza, kapena mukamapita kukadya, itsekeni.

Magetsi akazima fayilo ili chitsegulire, loko ikhoza kutsalira ngakhale palibe amene akuigwiritsa ntchito. Yambani mwafunsa aliyense. Mukatsimikiza kuti onse atseka, wosamalira makompyuta afufute kafayilo ka ~$ kaja. Mu LibreOffice dzina lake limayamba ndi .~lock. Ikakanabe, akaitseke pa kompyuta imene ikusunga fayiloyo.

Ngati mwalemba kale zambiri, sungani kope lokhala ndi dzina lanu ndi deti, mukopere zonse mu kaundula weniweni tsiku lomwelo, kenako mulifufute. Ofesi imene ili ndi intaneti yodalirika ikhoza kugwiritsa ntchito Google Sheets kapena Excel ya pa OneDrive, zimene zimalola anthu angapo kulemba nthawi imodzi.

Ndalama za anthu zimafuna kaundula mmodzi. Kudikira mphindi 10 n'kopepuka kusiyana ndi mlandu wa mwezi wathunthu. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.