MAU A MLANGIZI: Kodi Boda ndi ku Mwami Kokha?

Anzanga alimi, kuno ku Mchinji palibe munthu wosadziwa mau akuti boda. Tikawamva, maganizo athu ali pa msewu wa ku Chipata, pa malire a Mwami, pamene atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula malo oonetsera ziphaso ndi katundu kamodzi kokha m'chaka cha 2022. Mauwa tinabwereka ku Chingerezi, kumene amawalemba "border". Koma eni ake akatero sanena malire a maiko okha ai.

Tanthauzo lachiwiri ndilo m'mphepete mwa chinthu chilichonse. Mpendero wa chitenje ndi boda. Mzere wotsiriza pamene munalekezana ndi mnansi wanu ndi bodanso. Tsono munda uliwonse uli ndi boda yake.

Lachitatu ndi ili. Mngerezi akati "border on", ndiye kuti chinthu chapendekera ku chinzake, chatsala pang'ono kusanduka chinzakecho, monga ulesi umene watsala pang'ono kukhala njala.

Poyendera minda ndaona kuti matanthauzo awiri otsirizawa amakumana pa malo amodzi. Pakati pa munda mlimi aunga mizere bwino, koma m'malire mulibe mwini. Uyu ati ndi mwa uyo, uyonso ati ndi mwa uyu. Anthu adzeramo, ng'ombe zidzeramo, ndipo kanjira kakumbika. Mvula ya Januwale ikagwa, madzi a m'mizere ya minda yonse iwiri athamangira m'kanjirako, natenga dothi lachonde kunka nalo kudambo, mpaka ku Bua. Kanjira kotere katsala pang'ono kukhala chigwembe. Chigwembe chikakula chidya mizere ya mtedza mbali zonse, malire enieni asowa, ndipo abale aŵiri akapezeka ku bwalo la amfumu.

Chifukwa chake musadikire mvula. Pitani kwa mnansi wanu, mugwirizane tsiku. Kwezani malirewo ndi dothi kuti apose mizere msinkhu. Tsekani mapeto a mzere uliwonse kuti madzi alowe pansi m'munda momwemo. Mvula ikakhazikika, okani udzu wa vetiva mothithikana m'malire monsemo. Ng'ombe muzipezere njira ina. Wosowa mbeu ya vetiva afunse mlangizi wa m'dera lake.

Pa boda ya ku Mwami Boma linaika alonda. Pa boda ya munda wanu mlonda ndinu nokha, pamodzi ndi mnansi wanuyo.